Mtovu Umalowera M'manja

 Ndapemphedwa kuti ndikambe za mtovu, ndipo ndiyambira pa kawaya kofewa, kotuwa, kamene ambiri a inu amisiri okonza mafoni ndi mawailesi muli nako m'chikwama cha zipangizo, kaja timakatcha solda.

Mukayang'ana pa chikulungo cha waya ameneyu mupeza palembedwa Sn60 Pb40, mwina 63/37. Sn ndi tini, Pb ndi mtovu. Ndiye kuti m'magalamu 100 alionse a wayayo, magalamu 40 kapena 37 ndi mtovu weniweni. Amisiri amamukonda, ndipo zifukwa zawo ndi zomveka. Wa 63/37 amasungunuka pa madigiri 183 okha, amayenderera bwino, akauma amawala, komanso ndi wotchipa. Mayiko a mu European Union analetsa mtovu m'zipangizo zambiri zamagetsi kuyambira mu Julaye 2006, choncho mafoni ambiri atsopano amatuluka ku fakitale atamatidwa ndi solda wopanda mtovu. Koma foni yomweyo ikafika pa benchi m'misika ya Limbe, Lilongwe, Mzuzu kapena Lusaka, kawirikawiri imakonzedwa ndi waya wa mtovu, chifukwa ndi amene amapezeka msanga.

Mukafunsa mmisiri kuti choopsa pa ntchito yake n'chiyani, amaloza utsi. Sakunama kuti utsiwo ndi woipa, koma wasokoneza adani awiri. Utsi woyera umene umakwera waya akakhudza chowotcherera umachokera ku utomoni umene uli m'kati mwa wayayo. Utomoniwo ndi wa mitengo ya paini, ndipo anauikamo kuti uzitsuka chitsulo solda agwire bwino. Utsi wake umawawa m'maso, umakanda kukhosi, ndipo munthu akaupuma zaka zambiri ukhoza kumuyambitsa mphumu yosatha. N'chifukwa chake simuyenera kuweramira pa ntchito yanu m'kachipinda kotseka. Koma mtovu wambiri suli mu utsimo. Chowotcherera chamagetsi chimatentha madigiri 300 mpaka 400, pamene mtovu umawira utadutsa madigiri 1,700. Pa kutentha kwa pa benchi mtovu umangosungunuka, n'kutsala pomwepo.

Umatsala kuti? Tengani wayayo, mumutikite ndi zala kwa kanthawi, muone zalazo. Kudako ndi chitsulo chimene chasenduka. Yang'anani pa thebulo mutachotsa solda wakale pa bolodi: pali timibulu ting'onoting'ono tonyezimira, tina tagwera pansi, tina talowa m'mipindiro ya buluku. Kasiponji kopukutira nsonga ya chowotcherera kadzaza fumbi lomwelo. Ndiyeno pakudutsa wogulitsa mandasi, mmisiri akutambasula dzanja lomwelo. Masana akwana, nsima yabwera, tasamba m'manja mwa mwambo chabe, madzi opanda sopo, ena m'beseni limodzi, n'kuyamba kukanya mbamu ndi zala zomwe zija. Wina amasuta fodya pa benchi pomwepo. Ndipo pali chizolowezi chimene ndikupemphani kuti chithe lero: kuluma waya wa solda ndi mano pamene dzanja lina lagwira chowotcherera, lina lagwira foni. Njira ya mtovu wa pa benchi ndi imeneyi, kuchoka m'manja kupita m'kamwa.

Ndinene mosapsatira kuti munthu wamkulu amene amawotcherera mwa apo ndi apo, nasamba m'manja ndi sopo akamaliza, sali pa ngozi yaikulu. Sindinabwere kudzakuopsezani kuti musiye luso limene likudyetsa mabanja, ndiponso limene likuthandiza dziko kuti zinthu zowonongeka zisamangotayidwa. Nkhawa yanga ili pa munthu amene sanagwirepo chowotcherera, mwana wokwawa.

Ambiri mwa amisiri athu alibe shopu. Ntchito imagwiridwa pa khonde, pa thebulo lodyera, pa mkeka, m'chipinda chimene usiku anthu amagonamo. Amene ali ndi benchi ku msika amabwerera kunyumba ndi zovala zomwezo, n'kunyamula mwana amene wawachingamira pakhomo. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amakhala pansi tsiku lonse, ndipo chilichonse chimene watola chimathera m'kamwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likunena kuti thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu umene wameza kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu. Chifukwa chake n'chakuti thupi limasokoneza mtovu ndi kashiamu, mchere womanga mafupa, umene mwana wokula amaufuna kwambiri. Mwana amene ali ndi njala, kapena wochepa magazi chifukwa chosowa ayironi m'zakudya, amayamwa wochuluka kuposa pamenepo. Taganizirani kuchuluka kwa ana otere m'midzi ndi m'makomboni mwathu.

Ukalowa m'magazi, mtovu umapita ku ubongo, ku chiwindi, ku impso, kenako umakakhazikika m'mafupa ndi m'mano. M'magazi umachepa ndi theka pakatha pafupifupi mwezi, koma m'mafupa umakhala zaka makumi. Apa ndilankhule ndi inu atsikana amene mukuphunzira zamagetsi, ndipo ndikusangalala kuti chiwerengero chanu chikukula. Mayi akakhala woyembekezera, thupi limatapa kashiamu m'mafupa ake kuti limange mwana, ndipo mtovu umene unabisala m'mafupamo umatuluka limodzi n'kukafika kwa mwana ali m'mimba. Mtovu umene mtsikana wameza ali ndi zaka 18 ukhoza kudzapeza mwana amene adzabereke ali ndi zaka 28. Umathanso kuchititsa kupita padera, kapena mwana kubadwa masiku asanakwane.

Kuipa kwa poizoni ameneyu n'kwakuti saonetsa nkhope. Akachuluka kwambiri, inde, zizindikiro zimabwera: m'mimba mopotokola, kudzimbidwa, kusanza, kufooka kwa manja, kukomoka, ngakhale imfa. Kwa akuluakulu amakweza kuthamanga kwa magazi, amawononga impso, amachepetsa mphamvu yobereka ya abambo. Koma ana ambiri amene ali ndi mtovu m'thupi sadwala moti n'kupita nawo kuchipatala. Amasewera, amadya, amakula. Chimene chawonongeka chimadzaonekera m'kalasi.

Dokotala wina wa ku America, Herbert Needleman, ndi amene anatsegula anthu maso pa zimenezi. Iye ndi anzake anasonkhanitsa mano a ubwana amene ana a sukulu anagulula m'matauni a Chelsea ndi Somerville ku Massachusetts, nayeza mtovu umene unali m'manomo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1979. Ana amene mano awo anali ndi mtovu wambiri anakhoza mochepa pa mayeso a nzeru, ndipo aphunzitsi awo, amene sankadziwa kuti mwana uti ali ndi mtovu wochuluka bwanji, ankawanena kuti ndi osamvetsera, osakhazikika, olephera kutsata malangizo. Anawa sankaoneka odwala ayi. Kwathu kuno mwana wotere timamuti ndi wouma mutu. Timamukwapula, amabwereza kalasi, mapeto ake amasiya sukulu, ndipo nthawi zina timaloza chala agogo ake kuti anamulodza. Sindikunena kuti mwana aliyense wovutika m'kalasi wadya mtovu, pakuti njala, malungo ndi kuchulukana m'kalasi zilinso ndi mbali yake. Ndikunena kuti pa zifukwa zonsezi, mtovu ndi umene sitiuganizirako n'komwe, pamene zimene wawononga mu ubongo wa mwana sizibwereranso.

Mtovu wa m'magazi amauyeza m'mamaikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi. Maikulogalamu imodzi ndi galamu imodzi yogawidwa m'zigawo miliyoni. WHO imati palibe mlingo uliwonse umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo munthu akafika pa 5 ayenera kufufuzidwa kumene akuutenga. Mu 2020 bungwe la UNICEF ndi la Pure Earth anatulutsa lipoti lonena kuti mwana mmodzi mwa atatu alionse padziko lapansi, ana okwana mpaka 800 miliyoni, ali pa mlingo umenewu kapena kupitirira. Ambiri mwa iwo ali m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Yerekezani kuchepa kwa mamaikulogalamu amenewa ndi magalamu 40 aja a m'magalamu 100 alionse a solda.

Sitifunika kuwoloka nyanja kuti tione mapeto a nkhaniyi. Ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale kunkatchedwa Broken Hill, anakumba ndi kuyenga mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90, mpaka mgodi unatsekedwa mu 1994. Mgodi unatsekedwa koma fumbi linatsala. M'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa, ofufuza apeza ana ambiri ali ndi mtovu wopitirira 45, mlingo umene mwana amafunika mankhwala a kuchipatala, ndipo ena opitirira 100. Ana amenewa anabadwa mgodi utatsekedwa kalekale. Mtovu suwola, sutha mphamvu ndi dzuwa kapena mvula. Pamene wagwera, umadikira pomwepo.

Wina anganene kuti umenewo ndi mgodi, ine ndili ndi kabenchi chabe. Tamverani za ku Thiaroye-sur-Mer, kunja kwa mzinda wa Dakar ku Senegal. Kumeneko anthu ankaswa mabatire akale a galimoto kwa zaka zambiri. Mtengo wa mtovu utakwera, amayi anayamba kukumba dothi la pamalopo, kulinyamula m'matumba kupita nalo kunyumba, n'kumalisefa kuti apeze tizidutswa togulitsa, ana ali pambali kapena kumsana. Pakati pa kumapeto kwa 2007 ndi kumayambiriro kwa 2008 ana 18 anamwalira. Ku Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, mu 2010, anthu ankapera miyala ya golide m'mabwalo a nyumba zawo osadziwa kuti miyalayo inali yodzaza mtovu. Ana pafupifupi 400 anafa, ndipo poyamba ambiri ankaganiza kuti ndi malungo kapena matenda oumitsa khosi. M'malo onse awiriwa munalibe fakitale. Munali makolo okonda ana awo, ofunafuna ndalama ya chakudya, amene anabweretsa ntchito pakhomo.

Pa chifukwa chimenechi, mwa zinthu zonse zimene nditchule lero, chimene ndikuchiopa koposa ndi batire. Magetsi a sola afika m'midzi yambiri, ndipo ndi dalitso, koma nyumba zambiri za sola zimadalira batire la mtovu ndi asidi, longa la galimoto. Kuposa theka la kulemera kwa batire lotere ndi mtovu. Likamagwiritsidwa ntchito mpaka kutheratu moto tsiku ndi tsiku, silikhalitsa. Likafa limapita kwa mmisiri wa mabatire, amene amalidula ndi chikwanje kapena sowo, kukhuthulira asidi pansi, kusungunula mtovu pa mbaula ya makala, n'kuumba zatsopano. Apa zija ndanena za utsi zatembenuka. Moto wa makala wopemereredwa, kapena moto wa gasi wa okonza maredieta, umatentha kuposa chowotcherera chamagetsi, ndipo mtovu umakweradi mu utsi. Phala louma la m'kati mwa batire limasanduka fumbi losalala limene mphepo imamwaza pabwalo ponse. Ntchito imeneyi siyenera kuchitika pakhomo, pafupi ndi msika wa zakudya, kapena pafupi ndi sukulu, zivute zitani. Chimodzimodzi asodzi amene amasungunula mtovu wa mabatire kuti apange timiyala tomiza mbedza ndi ukonde. M'midzi ina ya asodzi ku South Africa ofufuza anapeza kuti ana a m'nyumba zimene ankasungunuliramo timiyala timeneti anali ndi mtovu wambiri m'magazi kuposa anzawo. Kuwotcha mawaya ndi mabolodi akale pofuna kopa, ndi kuswa magalasi a mawailesi a kanema achikale aja a chimsana, nakonso kumamwaza mtovu.

Tilowe m'nyumba tsopano, ngakhale ya munthu amene si mmisiri. Choyamba ndi penti wamafuta, makamaka wachikasu, wofiira, wobiriwira ndi wa olenji, amene timapaka zitseko, mafelemu a mawindo, mageti, madesiki ndi makatungwe a ana ku sukulu za mkaka. Opanga ena amathiramo mtovu kuti mtundu uwale ndi kuti penti aume msanga. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Pentiyo akadali watsopano savuta kwenikweni. Vuto limayamba akakalamba n'kumasuwa, kapena tikamupala ndi sandipepa pofuna kupaka wina, pamene chitseko chonse chimasanduka fumbi la pansi pamene mwana akukwawa. Dziko la America linaletsa penti wotere m'nyumba mu 1978, koma mpaka lero ana kumeneko akumezabe fumbi la m'nyumba zakale. Kuno ku Malawi, bungwe la LEEP linayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'mashopu ndipo linapeza mtovu wochuluka m'mitundu yambiri. Bungwe la Malawi Bureau of Standards linayamba kulondoloza opanga penti, ndipo zinthu zinayamba kusintha. Zimenezi n'zoyamikika. Koma penti amene anapakidwa kale akadali pa zitseko zathu. Pogula, funsani penti wopanda mtovu, ndipo pa makoma a m'kati sankhani wosungunula ndi madzi, amene kawirikawiri sakhala ndi vutoli. Pochotsa wakale, nyowetsani kaye, musapale pouma, musawotche, ndipo ana ndi amayi oyembekezera achoke mpaka mutakolopa.

Chachiwiri ndi mapoto osungunula aja olemera, opangidwa ndi zidutswa za aluminiyamu. Aluminiyamu payekha alibe mtovu, koma mu ng'anjo mumalowa chilichonse: zitsulo za injini, maredieta okhala ndi solda, zidutswa za zipangizo zamagetsi. Ku Cameroon anayeza mapoto otere napeza kuti ambiri amatulutsa mtovu pophika, makamaka chakudya chikakhala chowawasa. Ndiwo zathu zambiri ndi za tomato. Sindikuti tayani mapoto onse mawa, pakuti ndikudziwa mtengo wa poto. Koma phala la mwana liphikidwe mu poto wachitsulo chosachita dzimbiri kapena mu mphika wadothi wosapakidwa zonyezimira, ndipo chakudya chisagone mu poto wosungunula. Inu osula, musaponye redieta kapena chilichonse cha batire mu ng'anjo ya mapoto. Ndipo ketulo, ndowa ya madzi akumwa kapena poto zikabooka, musamate ndi solda wa mawailesi.

Zina ndingozitchula mwachidule. Wanja wina wopaka m'maso amapangidwa ndi mwala wa mtovu, ndipo sayenera kufika pa nkhope ya khanda. Ku Bangladesh anapeza ogulitsa akuthira utoto wa mtovu mu turmeric kuti aoneke wachikasu kwambiri. Dothi limene amayi ena oyembekezera amadya likhoza kukhala ndi mtovu, malinga ndi kumene lakumbidwa. Mipope yakale ya mtovu, mfundo za mapaipi zomatidwa ndi solda, ndi mipopi ya bulasi zimatha kuthira mtovu m'madzi amene agona m'paipi usiku wonse. Abale athu okhala ku Britain m'nyumba zomangidwa chisanafike chaka cha 1970 afunse za mapaipi awo. Ku Toamasina, m'dziko la Madagascar, anapeza mtovu m'madzi a m'mijigo ing'onoing'ono chifukwa amisiri ankaikamo zolemetsa zosungunula ku mabatire, ndipo atasintha n'kuika zachitsulo wamba, mtovuwo unatsika. Dziwaninso kuti kuwiritsa madzi kumapha tizilombo koma sikuchotsa mtovu.

Pali chikhulupiriro china chofala pakati pa owotcherera ndi opaka penti, chakuti ukaweruka umwe mkaka, utsuka zonse. Mkaka ndi chakudya chabwino, koma sutsuka mtovu umene walowa kale m'magazi ndi m'mafupa. Choona chake n'chakuti thupi lokhuta, lokhala ndi kashiamu ndi ayironi wokwanira, limayamwa mtovu wocheperako. Choncho usipa, matemba ndi bonya zodyedwa ndi minga yomwe, nyemba, mazira, bonongwe ndi chisoso zimathandizadi mwana. Koma chakudya ndi chothandizira chabe. Mankhwala enieni ndi kuchotsa gwero. Ngati mukukayikira kuti mwana wameza mtovu, njira yokha yodziwira ndi kuyeza magazi. Pitani kuchipatala ndipo mukanene momveka ntchito imene imagwiridwa pakhomo panu, chifukwa dokotala amene sanauzidwe za mabatire adzayamba wafufuza malungo. Mankhwala okoka mtovu m'magazi alipo, koma ndi a anthu amene mlingo wawo wakwera kwambiri, amaperekedwa ndi madokotala okha, ndipo sabwezeretsa nzeru zimene zatayika.

Nanga pa benchi tichite chiyani? Zambiri sizifuna ndalama. Benchi likhale la ntchito basi: pasafike mbale, kapu, ndudu kapena mwana. Likhale kunja kwa chipinda chogona ndi kutali ndi kophikira. Yalani pepala lolimba kapena thireyi kuti timibulu tigwere pamenepo, ndipo zinyenyeswazi muzisunge m'chitini chotseka, osati kudzala kumene ana ndi nkhuku amafukula. Musasese pouma, chifukwa tsache limangoulutsa fumbi. Pukutani ndi kansanza konyowa kamene sikagwira ntchito ina iliyonse. Sambani m'manja ndi sopo ndi madzi othira, mpaka m'zikhadabo, musanadye ndi musanagwire mwana. Mankhwala opaka m'manja aja tinazolowera nthawi ya Covid-19 amapha tizilombo koma sachotsa chitsulo. Khalani ndi ovolosi kapena malaya a ntchito amene amatsala ku ntchito, ndipo achapidwe paokha, osati pamodzi ndi matewera. Amene mungathe, gulani solda wopanda mtovu, wolembedwa Sn99.3 Cu0.7 kapena SAC305. Amafuna moto wokwererapo, madigiri 217 mpaka 227 kuti asungunuke, ndipo masiku oyamba dzanja limavutika, koma limazolowera. Utsi wake ndi wa utomoni womwe uja, choncho zenera likhalebe lotsegula, ndipo kumbukirani kuti mabolodi akale amene mukumasula ali ndi mtovu wawo.

Pali zina zimene mmisiri payekha sangathe. Petulo wa mtovu anayamba kugulitsidwa m'zaka za m'ma 1920, ndipo anthu ankati galimoto sizingayende popanda iye. Mayiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara anamusiya pofika kumayambiriro kwa 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linamusiya mu 2021. Galimoto zikuyendabe. Boma likafuna, mtovu umachoka. Tikufuna kuti ogulitsa mabatire ndi zipangizo za sola azilandiranso mabatire akufa pa mtengo woposa wa ogula zitsulo zakale, kuti asamathere pa mbaula. Tikufuna kuti zipatala za m'maboma zikhale ndi makina oyezera mtovu m'magazi, amene masiku ano alipo ang'onoang'ono ongofuna dontho la pa chala. Tikufuna kuti oyeza katundu asaime pa penti, afike pa mapoto, wanja ndi zidole.

Ndipo inu aphunzitsi a m'sukulu za ntchito zamanja, ndi inu amisiri akuluakulu amene muli ndi anyamata ophunzira pa benchi lanu, wophunzira amatengera zimene akuona mphunzitsi wake akuchita. Pa tsiku loyamba, musanamupatse chowotcherera, muonetseni manambala a pa chikulungo cha solda, mumuuze tanthauzo la Pb, ndipo mumuonetse pamene pali sopo ndi madzi. Amene muli ndi mabatire akufa kuseri kwa nyumba, kawachotseni pamene ana amasewera sabata ino isanathe.